Tizirombo Tobisala M'nyumba Mwathu

Amayi ndi abambo, kodi mwana anatsegulapo m'mimba pakhomo panu, inu osadziwa chimene chachititsa? Mwina munati ndi mano akumera. Mwina munati wadya mango osapsa. Ena amafika poganizira anzawo kuti ndiwo awalodzera mwana. Koma kawirikawiri chimene chadwalitsa mwanayo chimakhala pakhomo pomwepo. Chimakhala pa mbale, pa kapu, pa mphasa kapena pa nsanza yopukutira.

M'kabuku kano muwerenga za malo amene matenda amabisala m'nyumba, ndi mmene mungawayeretsere. Werengani pang'onopang'ono. Mukatopa pumulani, mudzapitiriza mawa.

Tizirombo tosaoneka ndi maso

Matenda ambiri amayamba ndi tizirombo. Tizirombo timeneti si nyerere kapena nsabwe ayi. Ndi tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. A chipatala akafuna kuona tiziromboti amayang'ana m'makina otchedwa maikulosikopu. Pa nsonga ya singano pokha pangakhale tizirombo tambirimbiri.

Si tizirombo tonse timene timadwalitsa munthu. Koma tina ndi toopsa, ndipo timaswana msanga. Kachirombo kamodzi kakapeza malo ofunda, achinyezi ndi okhala ndi chakudya, kamagawikana pawiri. Mitundu ina imachita zimenezi pa mphindi 20 zilizonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Poyamba kalipo kamodzi. Pakatha mphindi 20 pali tizirombo 2. Pakatha mphindi 40 pali tizirombo 4. Pakatha ola limodzi pali tizirombo 8. Pakatha maola 7, chiwerengero chingapitirire 2,000,000.

Maola 7 ndi nthawi imene munthu amakhala kumunda, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa lili pamutu. Tsono ganizirani za mbale ya phala imene yatsala yosatsuka m'mawa. Pofika masana muli chiyani m'mbalemo?

Njira imene tizirombo timadzera

Kolera, kamwazi, taifodi, kutsegula m'mimba ndi njoka za m'mimba ndi matenda osiyana. Koma njira yake ndi imodzi. Tizirombo take timatuluka m'chimbudzi cha munthu, ndipo tina m'ndowe ndi m'zitosi za ziweto. Timadwalitsa munthu tikalowa m'kamwa. Mawu awa ndi osakoma kuwamva, koma ndi oona: munthu akadwala matenda amenewa, ndiye kuti kachidutswa kakang'ono ka zonyansa kafika m'kamwa mwake.

Nanga kamafika bwanji? Tizirombo sitingayende tokha kuchoka kuchimbudzi mpaka pamalo odyera. Timachita kunyamulidwa. Madzi amanyamula. Ntchentche, mphemvu ndi makoswe zimanyamula. Mapazi athu ndi mapazi a nkhuku amanyamula. Koma onyamula aakulu ndi manja athu. Manja amasiya tizirombo pa chilichonse chimene agwira. Munthu wina akagwira pomwepo, amatola.

Tsiku lina poyendera sukulu za kwacha ndinafika pakhomo pa mayi wina, wophunzira wathu. Linali dzinja. Pabwalo panali posesa bwino. Mapoto anali mbuu. Koma mwana wake wa chaka chimodzi anali atatsegula m'mimba kachitatu chiyambire mvula.

"Aphunzitsi, taonani nokha," anatero mayiyo. "Kodi pakhomo pano pali uve? Ndimasesa m'mawa ndi madzulo. Nanga mwanayu akudwaliranji?"

"Mayi, pakhomo panu ndi posamalika ndithu," ndinayankha. "Koma tiyeni tikhale pansi pang'ono, tione limodzi."

Tinakhala pakhonde. Posakhalitsa mwana uja anadziipitsira pa mphasa. Mayiyo anamusambitsa bwino. Kenaka anatenga nsanza, napukuta mphasa ija. Anaitsukuluza nsanzayo m'madzi opanda sopo, naikoleka pa msomali. Nthawi ya phala itakwana, anatenga nsanza yomweyo napukutira manja ake ndi mbale ya mwana. Atatembenuka anaona ndikumuyang'ana. Anayang'ana nsanza ija, nagwira pakamwa.

Mayiyo sanali waulesi ayi. Chimene sankadziwa ndi chakuti chinthu chooneka choyera chingakhale ndi tizirombo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho ntchito yaikulu si kuwalitsa nyumba yonse kuti alendo ayamikire. Ntchito yaikulu ndi kuyeretsa malo amene manja, chakudya ndi madzi akumwa zimakhudza. Malowo si ambiri. Tiyeni tiwaone limodzilimodzi.

1. Mbale, makapu ndi ziwiya

Tsukani ziwiya mukangotha kudya. Musadikire mawa, chifukwa usiku mphemvu ndi makoswe zimayenda pamenepo. Yambani mwachotsa zotsalira zonse. Kenaka tsukani ndi sopo. Sopo akasowa, kwechani ndi phulusa. Pomaliza tsukuluzani ndi madzi abwino, osati madzi amene atsukira kale ziwiya zina.

Musaiwale mthiko, chipande ndi lichero. Ziwiya za mtengo zimakhala ndi timing'alu mmene nsima imakanirira. Zikwecheni bwino ndi kuziumitsa.

Mukatsuka, yanikani ziwiya pa thandala. Musaziike pansi, ndiponso musazipukute ndi nsanza. Thandala likhale padzuwa. Likhale lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, kuti agalu, nkhumba ndi mbuzi zisanyambite mbale. Pansi pake ikanipo miyala kuti madzi asadikhe. Ziwiya zikauma, lowetsani m'nyumba ndi kuzivundikira.

Kapu, mbale ndi sipuni ya mwana wamng'ono zikhale zakezake. Muzizitsukuluza ndi madzi owira musanamupatse chakudya.

2. Nsanza ndi chinkhupule

Nsanza yonyowa ndi mudzi wa tizirombo. Muli chinyezi, muli tizakudya, ndipo ndi mofunda. Mukapukuta tebulo ndi nsanza yotere, simukuchotsa tizirombo ayi. Mukungomwaza.

Khalani ndi nsanza zosiyana. Ina ikhale ya pa chakudya pokha. Ina ikhale yokolopera pansi. Ina ikhale ya zonyansa za mwana. Zikhale za mitundu yosiyana, kuti ngakhale mwana adziwe kuti iyi ndi ya chakuti. Tsiku lililonse chapani nsanza ndi sopo, ndi kuziyanika pa chingwe mpaka ziume gwa. Kawirikawiri muziziwiritsa m'chitini chakale. Chinkhupule chotsukira mbale nachonso chifinyeni ndi kuchiyanika. Chikayamba kununkha, chitayeni.

3. Mtsuko, ndowa ndi chotungira madzi

Madzi angachoke pa mjigo ali abwino, koma n'kuipa atafika m'nyumba. Amaipa ndi ndowa yosatsuka. Amaipa ndi masamba amene ena amaika pamwamba kuti madzi asatayike. Amaipa ndi zala zimene zimalowa m'madzi potunga.

Tsukani mtsuko kapena ndowa ndi sopo musanathiremo madzi atsopano. Vundikirani nthawi zonse. Ikani pamalo okwera, posafika ana ndi ziweto. Khalani ndi makapu awiri, ina yotungira ndi ina yomwera. Yotungirayo ikhale ya chogwirira chachitali, ndipo munthu asamwere. Mukatunga, ikolekeni pa msomali. Musaisiye pansi. Ngati mungathe, gulani ndowa ya kampopi. Imeneyo ndi yabwino koposa, chifukwa dzanja sililowa m'madzi.

4. Mpeni ndi potemera nyama

Nyama yaiwisi, makamaka ya nkhuku, imakhala ndi tizirombo. Moto umapha tizirombo timeneti pophika. Koma mpeni, beseni ndi thabwa lotemerapo siziphikidwa. Taganizani: mwatumbula nkhuku, ndipo ndi mpeni womwewo mwasendera mwana mango. Nkhuku idzapsa bwino, koma mwana wadya kale tizirombo.

Mukatha kukonza nyama kapena nsomba, tsukani mpeni, beseni ndi thabwa ndi sopo ndi madzi otentha. Sambaninso m'manja. Mukatero ndiye mugwire tomato, zipatso kapena chakudya chakupsa.

5. Pansi ndi pa mphasa

Munthu wamkulu amayenda ndi mapazi. Mwana wokwawa amayenda ndi manja, ndipo manjawo amapita m'kamwa. Kwa iye pansi ndi chimodzimodzi mbale.

Mazira a njoka za m'mimba angakhale amoyo m'dothi kwa zaka. Ndiye chifukwa chake chimbudzi cha mwana sichiyenera kukhala pabwalo ngakhale kanthawi kochepa. Ena amati chimbudzi cha khanda chilibe vuto. Zimenezo si zoona. Chili ndi tizirombo monga cha munthu wamkulu. Chiwoleni ndi khasu pamodzi ndi dothi lake, mukataye m'dzenje la chimbudzi. Matewera muchapire m'beseni lakelake, ndipo madzi ake mukathire kuchimbudzi komweko.

Nyumba ya dothi muziizira kawirikawiri kuti pansi pasakhale ming'alu ndi fumbi. Zirani ndi dothi labwino, osasakaniza ndi ndowe. Posesa, wazani timadzi kuti fumbi lisagwere m'chakudya. Nyumba ya simenti muziikolopa ndi madzi a sopo. Mphasa ndi mikeka muzizikutumula ndi kuziyanika padzuwa. Mwana wokwawa muzimuyalira mphasa yoyera poti asewere.

Nkhuku ndi mbuzi zisagone m'nyumba kapena m'khitchini. Zitosi za nkhuku zimatsegulitsa ana m'mimba. Zimangireni khola lake, ndipo sesani zitosi pabwalo m'mawa uliwonse.

6. Chimbudzi

Chimbudzi chauve chimabweza m'nyumba tizirombo timene munataya. Sesani m'chimbudzi tsiku ndi tsiku. Tsache la kuchimbudzi likhale komweko, lisalowe m'nyumba. Pa bowo pakhale chivundikiro cha chogwirira chachitali, kuti ntchentche zisalowe ndi kutuluka. Wazani phulusa pa bowo ndi m'mbali mwake. Phulusa limachepetsa fungo ndi ntchentche. Chitseko ndi chogwirira cha chivundikiro muzizitsuka ndi madzi a sopo, chifukwa aliyense amagwira pamenepo asanasambe m'manja.

Pafupi ndi khomo la chimbudzi pakhale mpondagiya. Mpondagiya ndi kachigubu ka madzi kopachika pa mtengo, kokhala ndi chingwe ndi kamtengo kopondapo. Mukaponda, madzi amatuluka. Ubwino wake ndi wakuti manja akuda sagwira chigubu. Sopo kapena phulusa zikhale pomwepo.

7. Zinthu zimene aliyense amagwira

Pali zinthu zina zimene sitiziganizira. Chogwirira cha chitseko, tebulo lodyera, wailesi, tochi ndi foni ya m'manja zimadutsa m'manja ambiri pa tsiku. Mwana akalira, ena amamupatsa foni kapena makiyi, iye n'kuika m'kamwa. Pukutani zinthu zimenezi ndi kansalu koviika m'madzi a sopo ndi kofinya bwino. Pakhomo pakakhala chimfine kapena kutsegula m'mimba, pukutani tsiku lililonse.

Zida zimene muli nazo kale

Mwina mukuti, "Zonsezi zikufuna ndalama." Ayi, zida zambiri muli nazo kale.

Choyamba ndi madzi ndi sopo. Sopo amachotsa mafuta ndi litsiro mmene tizirombo timakanirira, ndipo madzi amakokolola zonse. Chofunika ndi kukwecha, osati kungonyowetsa.

Chachiwiri ndi phulusa. Silipambana sopo, koma limathandiza sopo akasowa. Tengani phulusa la pamafuwa, osati la kudzala kumene agalu ndi nkhuku zimagona.

Chachitatu ndi moto. Madzi owira amapha tizirombo totsegulitsa m'mimba. Chakudya chogona, monga mkute ndi ndiwo za dzulo, chitenthetseni mpaka chitenthe m'kati monse.

Chachinayi ndi dzuwa. Tizirombo tambiri timafa pamalo ouma ndi pa dzuwa lamphamvu. Dzuwa ndi laulere.

Chachisanu ndi klorini. Ameneyu ndi mankhwala amphamvu, ndipo amafunika kwambiri pakagwa matenda. Ali ndi malamulo ake. Mverani bwino.

Kagwiritsidwe ntchito ka klorini

Klorini sagwira bwino ntchito pa litsiro. Yambani mwatsuka malowo ndi sopo, kenaka ndiye muthire klorini.

Mankhwala a m'botolo ogula m'sitolo, monga Jik, amafuna kusungunula ndi madzi. Apa ndi pamene kuwerenga kukuthandizeni. Yang'anani pa botolo. Pakakhala polembedwa 3.5%, thirani muyezo umodzi wa mankhwala m'miyezo 16 ya madzi. Mukayeza mankhwala ndi kachitini, yezaninso madzi ndi kachitini komweko. Pukutani malowo ndi madzi amenewa, ndi kuwasiya onyowa kwa mphindi 10. Ziwiya zodyera muzitsukuluze pambuyo pake ndi madzi abwino.

Madzi osungunula chonchi ndi opukutira zinthu basi. Si akumwa ayi. Klorini wothira m'madzi akumwa ali ndi muyezo wake wina, wochepa kwambiri. Tsatani muyezo umene alangizi a zaumoyo akuuzani, kapena umene walembedwa pa botolo la mankhwala a madzi akumwa. Mukathira, dikirani mphindi 30 musanamwe.

Sungunulani wokwanira tsiku limodzi, chifukwa akagona amatha mphamvu. Musasakanize klorini ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa pamatuluka mpweya woipa. Tsegulani mazenera pomugwiritsa ntchito. Musamuthire m'botolo la zakumwa, mwana angamwe. Musungeni pamwamba, posafika ana.

Pakhomo pakakhala wodwala

Ambiri a ife tikukumbukira kolera amene anayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022. Anafalikira m'maboma onse a dziko la Malawi. Anthu oposa 50,000 anadwala, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kolera amafala makamaka ndi madzi ndi chakudya chimene chaipitsidwa. Akalowa pakhomo, ena a m'banjamo ali pangozi yaikulu, chifukwa amamwa mtsuko umodzi ndi kugwira zinthu zimodzi.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, musachedwe. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi abwino. Muzimumwetsa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kolera angaphe munthu m'maola ochepa, koma wofika msanga kuchipatala amachira.

Otsala pakhomo achite izi. Kapu, mbale ndi beseni za wodwala zikhale pazokha. Masanzi ndi chimbudzi chake zikatayidwe m'dzenje la chimbudzi. Pa zimenezi pamafunika klorini wamphamvu kuposa wopukutira uja, choncho itanani alangizi a zaumoyo adzakuthandizeni. Zovala ndi zofunda za wodwala muziwiritse kapena muziviike m'madzi a klorini, kenaka muzichape ndi kuziyanika padzuwa. Musakachapire kumtsinje, pa chitsime kapena pa mjigo. Mukatero mudwalitsa mudzi wonse. Amene akusamala wodwala asambe m'manja ndi sopo nthawi iliyonse akamugwira, ndipo ngati n'kotheka wina ndiye aphike.

Manja oyera amasunga malo oyera

Mungatsuke mbale bwino, koma mukaigwira ndi manja akuda, ntchito yonse yapita pachabe. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike, musanadye, ndi musanadyetse mwana. Tikitani zikhatho, pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Powerenga pang'onopang'ono kuchokera pa 1 mpaka 20, ndiye kuti mwasamba mokwanira.

Tinazolowera kusamba m'beseni limodzi tisanadye. Amayamba abambo, kenaka ena, ndipo ana amamalizira. Taganizani: mwana amasamba m'litsiro la anthu onse, kenaka n'kutema nsima. Ulemu tingausunge m'njira ina. Wamng'ono agwade, athirire akulu madzi ndi jagi kapena kapu, beseni lili pansi lolandira madzi akuda. Aliyense asambe madzi akeake.

Ntchito ya banja lonse

Abambo, musanene kuti iyi ndi nkhani ya amayi. Mutu umodzi susenza denga. Kumanga thandala, kusema chivundikiro cha chimbudzi, kukonza mpondagiya, kukumba dzenje la zinyalala ndi kumanga khola la nkhuku ndi ntchito zimene mungathe m'masiku ochepa. Pogula zinthu kumsika, musaiwale sopo. Mtengo wa sopo ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo wa kuchipatala ndi masiku amene munda umagona osalimidwa.

Ana okulirapo angathe kudzaza madzi mu mpondagiya, kusesa zitosi ndi kuyanika mphasa. Agogo amene amatsala ndi ana masana muwawerengere kabuku kano, kuti nawonso adziwe.

Mayi uja ndinakuuzani anang'amba chitenje chakale tsiku lomwelo, napanga nsanza zitatu. Amuna ake anamanga thandala latsopano padzuwa. Sindikunena kuti mwana wawo sadzadwalanso ayi. Matenda ali ndi njira zambiri. Koma njira imodzi yaikulu anaitseka, ndipo sanawononge ndalama.

Inunso yambani lero. Musayese kuchita zonse tsiku limodzi. Sankhani malo amodzi, muwakonze. Mawa mukonze ena.

Mafunso

1. Kodi tizirombo timaswana msanga pamalo otani?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zimanyamula tizirombo kuchoka kuchimbudzi kufika pa chakudya.
3. N'chifukwa chiyani kuyanika mbale pa thandala kuli bwino kuposa kuzipukuta ndi nsanza?
4. Pa botolo palembedwa 3.5%. Mwayeza tizitini 2 ta mankhwala. Kodi muthira tizitini tingati ta madzi?
5. Kodi zovala za munthu wodwala kolera siziyenera kuchapidwa kuti?

Zochita

Tengani pensulo ndi kope lanu. Yendani pakhomo panu, kuyambira kuchimbudzi mpaka pamalo odyera. Lembani zinthu zonse zimene manja anu agwira m'njiramo. Chongani chimene muyambe kukonza sabata ino. Tsiku la sukulu mukawerengere anzanu zimene mwalemba.